Mafuta abwino a m'chimanga tikuwasiyira nkhuku

Mwezi wa June amayi anga ku Matero anapeza mafuta a kokonati amene mlongo wanga anawagulira ataundana m'botolo ngati kandulo. Anandiimbira foni ali okhumudwa: "Mwanangu, atigulitsa zabodza." Ndinawauza kuti, Amayi, ndi enieni amenewo. Mafuta a kokonati amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, ndipo kuzizira kwa Lusaka nthawi imeneyo mukukudziwa.

Chimene chandikhala pamtima kuchokera tsikulo ndi ichi. Kokonati, kanjedza wa mafuta ndi chimanga zili m'gulu limodzi, zomera zophuka ndi katsamba kamodzi. Koma mafuta a m'njere zake ndi osiyana kutalitali. A kokonati pafupifupi theka lake ndi mtundu wa mafuta wotchedwa lauric acid, ndipo magawo pafupifupi 90 pa 100 ndi mafuta olimba aja otchedwa saturated. A m'njere ya kanjedza nawonso ndi choncho, lauric yambiri. Chimanga chathu ayi: kupitirira theka ndi mtundu wina wotchedwa linoleic acid, imene thupi silingapange lokha, tiyenera kuipeza m'chakudya. Kenako pamabwera mtundu wina wotchedwa oleic, ndipo olimbawo ndi ochepa. N'chifukwa chake mafuta a chimanga saundana ngakhale mu July.

Nanga mafutawo amakhala pati? Mu kamtima ka njere, kamene chigayo chimachotsa popanga ufa woyera uja wotchedwa breakfast. Kamapita limodzi ndi gaga, n'kukadyetsa nkhuku ndi nkhumba. Ife timatsala ndi ufa woyera mbee, kenako n'kupita ku Soweto Market kukagula saladi (mafuta ophikira) wokwera mtengo, nthawi zina wosalembedwa n'komwe kuti wachokera ku mbewu yanji.

Zimandipweteka kuona mayi akubisa thumba la roller, ufa wosayeretsedwa kwambiri uja, chifukwa cha manyazi, ngati ndi ufa wa osauka. Roller ndi mgaiwa zimasunga mbali ya kamtimako. Inde, sizikhalitsa, zimayamba kuwawa msanga, ndipo chifukwa chake ndi mafuta omwewo: linoleic imaonongeka mofulumira ikakumana ndi mpweya ndi kutentha. Ndiye gulani pang'onopang'ono, thumba la 10 kg m'malo mwa 25 kg, musunge pozizira.

Kwathu ana anadandaula sabata yoyamba kuti nsima yada. Ndinayamba ndi kusakaniza theka roller, theka breakfast. Pano tikuphika roller yokhayokha, ndipo amayi andituma ndiwagayitsire mgaiwa Loweruka.