Mpikisano wa sukulu kuno ku New York ukundiwawa

Abale anga kumudzi mukamva zoti charter school musaganize za pulaiveti zolipira fizi zija ayi. Kuno ku New York ma charter ndi aulere, ndalama zake ndi misonkho yathu yomweyi, kungoti amayendetsedwa ndi mabungwe apadera osati ofesi ya maphunziro ya mzinda, ndipo ofuna malo akachuluka amachita lotale mu April. Lamulo lowaloleza linabwera mu 1998.

Mwana wanga ali giredi 3 kuno ku Bronx pa sukulu ya boma wamba. Bilidingi ndi imodzi ndi charter ina, ife pansi iwo pamwamba, holo yodyera imodzi, bwalo limodzi. Poti amadya mosinthana, kalasi yake imadya lanchi cha m'ma 10 koloko m'mawa, akamafika kunyumba madzulo njala ili m'mawondo ngakhale homuweki sakufuna kuyiona. Chipinda chomwe ankaphunziriramo zojambula chinapita kwa anzathu apamwambawo, pano aphunzitsi ake amangokankha katrole ka penti ndi mapepala kalasi ndi kalasi. Nditawaona tsiku loyamba mtima unandipweteka zedi.

Ndisaname, ma charter ena amaphunzitsa. Success Academy yomwe Eva Moskowitz anayambitsa ku Harlem mu 2006 ana ake amakhoza mayeso a boma mochititsa kaso. Inenso lotale ndinalembetsa chaka chatha, mwayi sunatigwere, ndiye sindingaloze chala kholo lomwe likufunira mwana wake zabwino.

Koma anthu akamayerekeza mamalikisi nkumati onani sukulu za boma nzolephera, ine magazi amawira. Sukulu ya boma chitseko chake sichitsekedwa, mwana wafika mu February kuchokera ku Guinea kapena Honduras chizungu sadziwa olo liwu limodzi amulandira, wogona ku shelter, malo osungirako anthu osowa pokhala, amulandira, wovuta m'kalasi amulandira, pomwe charter ikadzadza yadzadza basi. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula zoti sukulu ina ya Success ku Fort Greene ku Brooklyn inali ndi mndandanda wa ana 16 oti achoke, ankautcha "Got to Go". Nanga ana oterowo akachoka amalowera kuti? Si kwa ife pansi kuno? Chinanso ndalama zimatsata mutu wa mwana, ana akachepa bajeti imadulidwa koma otsala aja ndi omwe amafuna thandizo lambiri.

Meya wa nthawiyo Bill de Blasio anayesako kukaniza ma charter ena malo mu 2014, bwanamkubwa wa nthawiyo Andrew Cuomo anaima mbali ya ma charter, mapeto ake kunabwera lamulo loti mzinda uziwapatsa malo kapena uziwalipirira lendi.

Mawa madzulo kuli msonkhano wa makolo, tamva zoti a charter apamwamba aja akufunanso chipinda cha laibulale. Ndapempha kale kuweruka msanga kuntchito, ndikakhala mpando wakutsogolo.