Nanga Sega mwaisiya kuti?

Mlembi, mfundo yanu yakuti zonse zatsopano pa controller ya magemu a pa kanema zidachokera ku Nintendo ndaimva, koma mwakokomeza. D-pad, kabatani kooneka ngati mtanda kolozera mbali zinayi, ndi yawodi, Gunpei Yokoi adaiyika pa Game & Watch mu 1982, ndipo mabatani a L ndi R adadza ndi Super Famicom mu 1990. Pamenepo palibe wotsutsa.

Koma kandodo ka analog, koyendetsera munthu wa m'gemu, sikadayambire pa Nintendo 64 (N64). Atari 5200 idali nako kale mu 1982, kungoti sikankabwerera pakati ukakasiya. Ka N64 ka 1996 kankakhulana pulasitiki ndi pulasitiki m'kati mwake. Mukatsegula yakale mupeza kafumbi koyera pansi, kandodo kali gwedegwede.

Chaka chomwecho Sega idatulutsa 3D Control Pad ya makina ake a Saturn, yokhala ndi ma trigger (mabatani okoka ndi chala) a analog, ndipo kandodo kake kankawerengedwa ndi maginito, njira ya Hall effect. Dreamcast ya Sega yomweyo idatengera zomwezo mu 1998. Ubwino wake ndi wakuti sensa sikhudzana ndi kandodo, choncho siperepeseka. Tindodo tambiri ta masiku ano timadalira potentiometer: kachitsulo kamayenda pa kanjira ka kaboni, kanjirako kakatha, munthu wa m'gemu amayamba kuyenda yekha iwe usanakhudze. Ndiyo drift imene idavuta pa Joy-Con, controller ya Nintendo Switch. Kupopera mankhwala otsukira a contact cleaner kumangothandiza masiku ochepa, mankhwala enieni ndi kusintha kandodo konse.

Sony nayo musaichepetse. DualShock ya 1997 idabwera ndi tindodo tiwiri komanso timamota tiwiri tonjenjemeretsa controller tosiyana kukula m'kati momwemo, pomwe Rumble Pak ya Nintendo, yogwira ntchito yomweyo, inkachita kusomekedwa ndipo inkafuna mabatire awiri a AAA.