Musadikire kuti BP itsike

Alembi mwanena zoona kuti namwino si wongogawa mankhwala amene dokotala walemba, koma za odwala ochokera ku opaleshoni mwangodutsapo mothamanga. Pamenepotu ndi pamene nzeru za namwino zimaonekera.

Munthu akamataya magazi m'kati atachitidwa opaleshoni, BP yake imatha kuoneka bwinobwino kwa kanthawi, makamaka ngati ali wachinyamata, chifukwa thupi limakhala likulimbana nalo vutolo. Zimene zimayamba kusintha n'zina. Mtima umagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, kupuma kumafulumira, manja amazizira, mkodzo umachepa. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 ayenera kutulutsa mkodzo wosachepera mamililita 30 pa ola. BP ikamadzatsika, magazi amakhala atatayika ambiri kale.

Chimene chimandiwawa ine ndi nkhani ya kupuma. Ena amangolemba 18 pa tchati osawerenga n'komwe, poti kuwerenga kumafuna kuima pambali pa bedi mphindi yathunthu. Chikhalirecho kupuma kukapitirira ka 20 pa mphindi, nthawi zambiri n'kumene kumayamba kuonetsa kuti chibayo chayamba kapena tizilombo talowa m'magazi. Pa tchati cha NEWS2, chothandiza kuzindikira msanga kuti matenda akukula mwa wodwala, chimene a bungwe la madokotala la Royal College of Physicians la ku London anatulutsa mu 2017, kupuma n'kumene kuli pamwamba penipeni.

Komanso wodikira matenda akanena kuti "bambowa sakuyankhula ngati dzulo", mumveni. Wodwala wachikulire akayamba kusokonezeka mwadzidzidzi, muyezeninso zonse, shuga yemwe, n'kuitana dokotala usiku womwewo, osadikira kuti adzamuone m'mawa.