Mfuti imalanda phiri, sithetsa mlandu

Zandikwana. Munthu wamkulu ndithu, tayi pakhosi, akuyankhula pa wailesi kuti kukambirana ndi zigawenga za M23 ndi mantha, chofunika n'kungothira asilikali ambiri kum'mawa kwa DRC. Bambo inu, munali kuti mu 2013?

Chaka chimenecho asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi, pansi pa United Nations, anathandiza kuthamangitsa M23, ndipo pofika November zigawengazo zinali zitathawira ku Uganda ndi ku Rwanda. Mu December boma la DRC ndi M23 anasayina mapepala a mtendere ku Nairobi. Zobweza omenya nkhondowo kwawo zinangogona m'kabati. Kumapeto kwa 2021 gulu lomwelo linatulukanso, mu January 2025 mzinda wa Goma, likulu la chigawo cha North Kivu, n'kugwa asilikali a SADC ali pomwepo. Mlandu suola.

Mfuti ntchito yake ndi imodzi basi: kukankhira mdani pampando wa zokambirana. Akakhala pampandopo, mfuti yamaliza mbali yake. Imagula nthawi, ndipo nthawiyo mukaidyera kuvina kuti tapambana, mudzaigulanso ndi mitembo ya ana a eni. 

Ndipo kukambirana si kugwirana chanza ayi. Pepala loimitsa nkhondo lizinena tsiku ndi ola loleka kuwombera, mzere umene aliyense asadumphe, amene aziyang'anira, misasa yosonkhanitsira omenya nkhondo, woŵerenga mfuti zobwezedwa, ndi ndalama yomwe mnyamata wotula mfuti azidyera. Chimodzi chikasoŵa, mfuti zabwino amakwirira m'tchire n'kukupatsani zadzimbiri.

Boma la Angola ndi zigawenga za UNITA anasayina ku Bicesse, ku Portugal, mu 1991, n'kuthamangira chisankho mu September 1992 magulu asanatule zida, oyang'anira a asilikali ochokera ku United Nations ali 350 okha m'dziko lalikulu chonchija. Savimbi, mtsogoleri wa UNITA, anakana zotsatira, nkhondo n'kuyambiranso. Boma la Mozambique ndi zigawenga za Renamo anakambirana ku Rome zaka ziŵiri, anasayina pa 4 October 1992, asilikali masauzande a United Nations anabwera, omenya nkhondo analoŵa m'misasa, chisankho chinadikira mpaka October 1994. Inuyo amantha mukuwaona mbali iti pamenepa?

Chinanso chonyansa ndi atsogoleri okonda kusayinira m'mahotela akunja, kujambulitsa, kulandira ndalama za ulendo, osapondako n'komwe ku North Kivu kukaona ngati mfuti zaleka kulira.