Chenjezo: Udzu Sudziwa za Khirisimasi

Ana anga, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nonse munali anthu anzeru. Munkalumbira kuti mukagawana ndalama za banki m'khonde mu Disembala, choyamba n'thumba la feteleza wobereketsa, kenako yunifolomu ndi makope a ana, zotsalazo ndiye za mpunga ndi nkhuku. Lero ndalama mwagawana, koma mwayambira kumapeto.

Mwina mwaiwala mawerengedwe a chimanga, ndikukumbutseni. Amene munadzala ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, chimanga chanu chikufuna yureya pakatha masabata atatu kapena anayi chimerereni. Tsegulani kalendala. Masiku amenewo agwera pa 25 Disembala pomwepo, apo ayi sabata yolowera ku Nyuwere. Kupalira koyamba nakonso n'komweko. Ndiye inu mukuti mulowa m'munda zisangalalo zikatha, ngati udzu munapangana nawo. Ukangokula limodzi ndi chimanga m'masabata oyambirirawa, wadya kale chakudya cha m'nthaka, ndipo yureya wothira mochedwa pa chimanga chachikasu sabweza zomwe zatayika. Mudzathira ndithu, koma zisononkho zidzakhala ngati chala changa chaching'onochi.

Za mbozi ndisanene zambiri. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha ntchemberezandonda. Mbozi imeneyi imabisala mu mtima wa chimanga, ndipo amaipeza ndi munthu woyendera munda m'mawa, osati woyendera mabawa.

Inu abambo, mwatenga ndalama ya feteleza n'kumati mwangobwereka, mubweza malipiro a Januwale akabwera. Malipiro ake ati? Ambiri a inu munalandira a Disembala mwezi usanathe, ndipo a Januwale mudzawaona patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Pakati apa sukulu zitsegulira, mwini nyumba afuna lendi, ufa watha m'thumba, chimanga pa msika chakwera poti ndi nyengo ya njala. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mapeto ake n'kukagogoda kwa wa katapila, ndipo chiwongoladzanja chake mukuchidziwa nokha.

Nanunso amayi musaseke. Chitenje chachitatu cha chaka chino, tsitsi latsopano, ana onse zovala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa choti a neba atero. Mwana yemweyo pa tsiku lotsegulira sukulu apita ndi kope la chaka chatha.

Ndipo inu a m'tauni ndi a ku Joni, munalonjeza amayi anu kumudzi kuti mutumiza ya aganyu opalira. Pa Airtel Money kapena Mpamba ndalama imafika musanamalize kumwa tiyi. Palibe za "ndatanganidwa" apa. Foni muli nayo m'manja usana ndi usiku, zithunzi za kunyanja ku Mangochi tikuziona pa Facebook, koma nkhalamba ikuwerama yokha ndi khasu m'mizere.

Sindikuti musadye nkhuku. Nanenso ndidya, ndipo ku tchalitchi ndipita nditatchena. Koma feteleza kagule lero, ukamuike kuchipinda ndalama isanasungunuke m'thumba. Aganyu alipireni sabata ino. Pa 26 ndi holide ya a m'maofesi, inu khasu paphewa.