Malonjezo a Januwale ndi kambale ka mchere

Sabata yoyamba ya Januwale ikafika, pa Facebook pano pamadzaza malonjezo. Wina akuti chaka chino mowa wausiyiratu, wina akuti azithamanga m'mawa uliwonse, winanso walemba kuti nsima ya usiku sadzaikhudzanso. Anthu amenewa sindikuwaseka, chifukwa chaka chatha inenso ndinali m'gulu lomwelo. Ndinakagula nsapato zothamangira pa kaunjika ku Kamuzu Road, ndipo ndinalengeza pakhomo kuti tambala akamalira kachiwiri ine ndizikhala ndili kale mumsewu wopita ku Senga Bay. Ndinathamanga masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi kunagwa mvula yochezera, mawa lake bondo linayamba kuwawa, ndipo pofika Febuluwale nsapato zija zinali zitasanduka za mphwanga, amene mpaka lero amapita nazo kumpira.

Maganizo anga ndi akuti malonjezo ambiri a chaka chatsopano amafa msanga chifukwa timawakonza ngati kuti Januwale ndi mwezi wa mtendere, pamene kuno ku Salima ndiye mwezi wowawitsa pa chaka chonse. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chitakwera mtengo pamsika, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, feteleza wobereketsa akudikira ndalama, ndipo amene ali ndi munda amakhala ali kalikiliki kupalira ndi kubandira. Lonjezo lililonse lofuna ndalama zapadera kapena nthawi yapadera m'mwezi woterewu limakhala litafa kale tsiku lomwe talilemba.

Ngakhale nkhani yothamangayo, si aliyense amene ikumukhudza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mayi amene amalawirira kumunda ndi khasu, mnyamata wa kabaza wopalasa njinga, ngakhale msodzi wopalasa bwato usiku wonse, mphindi zimenezo amazikwanitsa lisanafike Lachitatu. Amene tikufunika kudzifunsa ndife okhala pampando tsiku lonse mu ofesi kapena m'golosale, amene timaimitsa kabaza pa mtunda woti agogo athu akanauyenda atasenza mtolo wa nkhuni.

Chimene chinakhalitsa kwa ine chaka chathachi sindinachilembe n'komwe pa Facebook. M'mwezi wa Malichi ndinaperekeza mwana kuchipatala atadwala malungo, ndipo tili pamzere namwino wina anati popeza ndangokhala, andiyezeko BP. Atayeza kawiri anandiyang'ana nkhope n'kundifunsa ngati mutu umandiwawa. Ndinati ayi, ndipo iye anati vuto la kuthamanga kwa magazi ndi lomwelo, loti munthu amayenda nalo zaka osamva kalikonse mpaka tsiku limene adzagwe ndi sitiroko. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Namwino uja anandiuza kuti ndizibwerako kudzayezetsa, komanso kuti ndiyambe ndi mchere.

Kunyumba kwathu, monga m'makomo ambiri, pa nthawi ya nsima pankabwera kambale ka mchere ndi tsabola, ndipo ine ndinkatsina mcherewo n'kuwaza m'ndiwo ndisanalawe n'komwe. Tinagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti kambale kaja kasamabwerenso, ndipo mchere wa mumphika auchepetse pang'ono. Muyezo wa WHO ndi wakuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi ngati supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, ndipo muyezowo ukuwerengera ndi mchere umene uli kale mu usipa wofutsa, m'buledi, m'tchipisi cha pa chiwaya ndi m'tizokometsera ta ndiwo togula m'mapaketi. Masabata awiri oyambirira anali ovuta, sindinama. Apongozi anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Nkhotakota, anatema mbamu ya kondowole, n'kusunsa m'chigwada chotendera, kenaka anaima kaye n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi bambo, mchere wakwera mtengo chotere kuno ku Salima?" Tinaseka, ndipo iwo tinawapatsira wawo padera. Koma patatha mwezi lilime linazolowera, moti lero ndikadya pamaliro kapena paukwati, ndiwo zimene ena akuti zakoma ine ndimamva ngati zawawa mchere.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene kuchotsa kambale kunatheka pamene kuthamanga kunakanika. Yankho limene ndapeza ndi lakuti kuthamanga kunkafuna kuti ndizilimbana ndi mtima wanga m'mawa uliwonse, kunja kuli mdima ndi matope, pamene kambale tinangokachotsa kamodzi basi ndipo nkhani inathera pomwepo. Shuga wa mu tiyi ndinachita naye chimodzimodzi, kuchoka pa masupuni atatu kufika pa awiri, kenaka imodzi. Ife okhala pakati pa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ndi ya kuno ku Salima timaona shuga ngati mbale wathu, ndipo ena amanena kuti popeza shuga wa m'Malawi amathiramo vitamini A ndiye kuti ndi mankhwala. Vitaminiyo alimodi, koma sachotsa matenda a shuga kapena kuwola kwa mano kwa munthu wothira masupuni anayi m'kapu imodzi.

Pali zizolowezi zina zimene Januwale weniweniyu amatipempha, ndipo n'zodabwitsa kuti sizipezeka pa mndandanda wa malonjezo a munthu aliyense. Sindinaonepo wolemba kuti chaka chino azigona m'masikito usiku uliwonse, chonsecho nyengo ya mvula ino ndi imene udzudzu umaswana m'zithaphwi ndi m'madimba a mpunga, ndipo malungo amadzaza zipatala za m'mphepete mwa nyanja. Masikito amene tinalandira ulere ena atchingira nazale ya tomato, ena akukokera tinsomba kunyanja. Pa nthawi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pafupifupi khomo lililonse linali ndi mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndipo alangizi a zaumoyo akabwera ndi klorini tinkathamangira ndi mabotolo. Pitani mukaone lero. Mitengo ya mpondagiya inadyedwa ndi chiswe, kagaloni kanasanduka galimoto ya ana, ndipo madzi a pachitsime tikumwa osathira kanthu ngati kuti mliri uja tinangoumva pa wailesi. Zimenezi zimandiwawa kuposa za nsapato zanga zija, chifukwa kukonzanso mpondagiya ndi ntchito ya theka la ola, ndipo kuthira klorini kumangofuna kuti botolo lizikhala pambali pa ndowa, kuti wotula madzi aliyense aziliona.

Za zakudya sindinena zambiri. Kusikelo amayi amaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo n'zoona kuti m'mwezi uno si khomo lililonse lingawakwanitse tsiku ndi tsiku. Komabe bonongwe, chisoso, nkhwani ndi denje zili mbwee m'minda osagula, ndipo usipa wodya ndi minga yomwe umalimbitsa mafupa. Chimene chimatilepheretsa nthawi zambiri ndi manyazi oti mlendo angatione tikudya ndiwo za kumudzi. Ndikumbutsenso amene anapatsidwa kale mankhwala a BP kapena a shuga kuti kuchepetsa mchere sikulowa m'malo mwa mankhwalawo, ndipo asawasiye popanda kuuzidwa ndi achipatala.

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, choncho chaka chino ndasankha chinthu chimodzi chokha chowonjezera pa zija. Kuchokera kunyumba kukafika kuntchito ndi mphindi 25 wapansi, ndipo kupita ndi kubwera kwa masiku asanu zikukwana mphindi 250 pa sabata, popanda nsapato zatsopano ngakhale kudzuka usiku. Tsiku la mvula ndizikwera kabaza mosadziimba mlandu, ndipo mawa lake ndiziyambiranso kuyenda. Amene sanasangalale ndi mnyamata wa kabaza amene amandinyamula masiku onse. Dzulo anandipeza panjira, n'kuyendetsa njinga pang'onopang'ono pambali panga, ndipo anati, "Bwana, ngati ndi Januwale wavuta, kwerani mudzalipira pakutha pa mwezi." Ndinamufotokozera za BP, koma nkhope yake inaonetseratu kuti sanakhulupirire.