Madzi tili nawo, koma bwato akukwera ndani?

Madzi ambiri amene timamwa muno mu Lusaka amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Kafue. Koma tafunsani mu minibasi ya ku Chawama kapena ku Matero kuti ndi angati anaonapo gulu la lechwe, nyama zonga agwape zokhala m'madambo, likuthamanga ku paki ya Lochinvar, m'mphepete mwa Kafue yemweyo, madzi akuthovoka m'miyendo. Onse angokuyang'anani. Zimenezi zimandiwawa, abale anga, chifukwa pa nkhani ya mitsinje ndi madambo Zambia sachepa kwa mnansi aliyense.

Lower Zambezi inakhala paki mu 1983, ndipo tsidya lake ndi Mana Pools ya ku Zimbabwe. Njovu zimawoloka mtsinje osafunsa za pasipoti. Kuchoka kuno kukafika ku Chirundu ndi ulendo wa maola ochepa, koma kupitirira apo, kudzera kwa Chiawa, msewu umafuna galimoto yamphamvu, ndipo alendo ambiri amangotera pa ndege. Ndalama yolowera pachipata nzika imalipira yochepa, inde. Chovuta ndi bwato ndi pogona, zomwe mitengo yake imalembedwa m'madola.

Kwa abale athu ku Malawi zinthu zinakhala mwina. Paki ya Liwonde inayandikana ndi tauni komanso msewu wa tala, moti munthu wotsika basi angathe kupangana ndi eni bwato tsiku lomwelo. Mtsinje wa Shire pamenepo umayenda mwaulesi. Woyendetsa akazimitsa injini mumamva mvuu zikufwenthera, makutu okha ali pamtunda akugwedezeka. Ng'ona yagona pamchenga kukamwa kuli yasa, ndipo pamwamba pa mgwalangwa nkhwazi ikulira mutu utapendamira kumbuyo, nkhwazi yomweyi ili pa mbendera yathu. Chiyambire 2015, pamene bungwe losamalira mapaki a nyama la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi, misampha ya waya inachotsedwa yambirimbiri, ndipo mikango inabwezedwamo mu 2018.

Komabe Liwonde ndi yaing'ono, yotchingidwa ndi mpanda, midzi ili mbali zonse. Njovu zitachuluka, 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022, kumalire ndi ife. Amene muli ndi abale cha ku Lundazi mwamva madandaulo a minda yodyedwa usiku umodzi. Wokwera bwato aziona njovu ikusamba akudziwa kuti pali wina amene akulipira ndi chimanga chake.

Amene anandigwira mtima ndi a ku Botswana. Ku Okavango mlendo amakhala pansi m'bwato lopapatiza lotchedwa mokoro, mwini wake ataimirira kumbuyo akukankha ndi mtengo wautali pakati pa gumbwa ndi bango. Palibe phokoso la injini, ndiye ngakhale kachule kakang'ono kokakamira pa bango mumakaona. Opalasawo ndi anthu a m'midzi yomweyo, ndipo m'madera ena ali ndi mabungwe awoawo amene amagawa maulendo mosinthana. Mabwato ambiri masiku ano ndi a fibreglass pofuna kupulumutsa mitengo ikuluikulu. Dziko lawo nalonso lili ndi malo ogona odula koopsa, koma ntchito yopalasa inatsalira eni dambo.

Nzeru yotere kwathu iliko kale, kungoti ili kutali. Ku Bangweulu, kuyambira 2008, mafumu ndi anthu awo amayendetsa dambo limodzi ndi boma ndi African Parks, ndipo asodzi ena amalipidwa polondera zisa za shoebill, mbalame ya mlomo waukulu ija imene alendo amaiwolokera nyanja. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti asodzi a ku Kafue Flats, madambo a mtsinje wa Kafue, amene amadziwa khwawa lililonse la mvuu, aphunzitsidwe, apatsidwe ziphaso ndi majekete oyandamitsa, azinyamula ana a sukulu a mu Lusaka Loweruka pa mtengo wa makwacha? Paki ya Blue Lagoon, ya m'madambo omwewo, ili kumadzulo kwa mzinda uno, ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo msewu ukakhala wouma.